Nkhuku timafunsa kuti wazinga ndani, nanga ndalama?

Pa zakudya ndife osamala kwambiri. Nkhuku ya futari sitiidya tisanafunse kuti wazinga ndani. Koma tikakhala pa banki mkhonde n'kumabwereketsana ndalama zobweza ndi chiwongoladzanja, palibe amene amatsokomola. Imeneyo ndi riba yomwe Allah anailetsa chakumapeto kwa Surah Al-Baqarah, ngakhale tiipatse dzina lokoma bwanji. Chodabwitsa n'chakuti ife tomwe tikamva za masheya timalumpha: "Njuga imeneyo, haraam!"

Si njuga ayi. Wogula sheya amakhala mwini wa kagawo ka kampani: ikapindula naye wapindula, ikagwa naye wagwa. Mutual fund ndi thumba lomwe anthu ambiri amasonkhamo ndalama, akatswiri n'kumagulira masheya a makampani osiyanasiyana. Mgwirizano woti wina aike chuma, wina aike ntchito, fiqh inaudziwa kalekale, ndipo imautcha mudaraba.

Thumba lotsata Shariya limasefa. Makampani a mowa, nkhumba, njuga komanso mabanki a chiwongoladzanja salowamo. Otsalawo amawaunikanso m'mabuku. Bungwe la AAOIFI la ku Bahrain limati ngongole ya chiwongoladzanja isapitirire 30 peresenti ya mtengo wa kampaniyo pamsika, ndipo ndalama zobwera m'njira ya haraam zisapitirire 5 peresenti ya zonse zolowa. Kagawo kodetsedwako amakawerengera n'kukapereka kwa osauka. Ma ulama ena amati 30 peresenti yachuluka, ndipo mawu awo tiwalemekeze. Koma munthu amene mwezi ndi mwezi akugawana chiwongoladzanja pakhonde, asabisale kumbuyo kwa ma ulama amenewo.

Anzathu anayamba kale. Ku America thumba la Amana Income Fund linatsegulidwa mu 1986. Ku South Africa, komwe ana athu ambiri akugwira ntchito, Oasis Crescent Equity Fund inayamba mu 1998. Mu 1999 Dow Jones inakhazikitsa mndandanda wa makampani ovomerezeka pa Shariya. Ife tili pati? Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo amene ankasunga ndalama za Hajj pansi pa pilo anadzuka ulendo wawatalikira. Mayi wamasiye amene timamuuza kuti kubanki n'haraam, masheya n'haraam, osamuonetsa khomo lina, mawa timupeza kwa wakatapira.

Sitikuti chilichonse cholembedwa kuti "Islamic" tizingomeza. Tifunse: ma sheikh oyang'anira thumbalo ndani? Lipoti lawo la pachaka lili kuti? Oyendetsa amadulapo zingati? Wotilonjeza phindu lotsimikizika timuthawe, chifukwa malonda a halaal amatha kuluza.

Makomiti a m'mizikiti, Ramadhan ino dars imodzi yokha pambuyo pa Asr ikhale ya zimenezi. Muitanenso ana athu amene anaphunzira zowerengera ndalama adzakhale pambali pa sheikh.