Ndalama, Ufulu ndi Kukopa Osewera Basiketibolo m'Mayunivesite a ku America

Ku United States, basiketibolo ya m'mayunivesite imayendetsedwa ndi bungwe la NCAA, ndipo gawo lake lapamwamba, lotchedwa Division I, lili ndi matimu a amuna oposa 350 omwe onse amalakalaka kulowa m'chikho cha mwezi wa Marichi chodziwika ndi dzina lakuti March Madness. Popeza timu imalowetsa osewera asanu okha m'bwalo, mnyamata mmodzi waluso amatha kuikweza kapena kuigwetsa, motero kusaka ndi kukopa osewera ndi ntchito yolemera mofanana ndi kuwaphunzitsa.

Kwa zaka zambiri, aphunzitsi akhala akutsatira anyamata a kusekondale m'mipikisano ya pa tchuthi yothandizidwa ndi makampani a nsapato, monga Peach Jam ya Nike yomwe imachitikira ku North Augusta mwezi wa Julayi, pomwe mabungwe ofalitsa nkhani monga ESPN ndi 247Sports amawapatsa nyenyezi, zisanu kwa aluso koposa. Chimene yunivesite inkaloledwa kulonjeza chinali maphunziro aulere, malo ogona, chakudya ndi mwayi woonekera pa kanema. Kuchokera mu 2006, pamene ligi ya NBA inasiya kutenga osewera osakwana zaka 19, mphunzitsi ngati John Calipari, yemwe kale anali ku Kentucky, ankakopa anyamata powatsimikizira kuti chaka chimodzi m'manja mwake chikwanira kuwafikitsa ku NBA, ndipo mu 2012 anatenga chikho ndi Anthony Davis yemwe anali m'chaka choyamba. Malipiro anali oletsedwa, komabe ndalama zinkayenda mwamseri, monga zinadziwikira mu 2017 pamene kafukufuku wa FBI anachititsa kuti othandizira aphunzitsi anayi amangidwe ndiponso kuti Rick Pitino achotsedwe ntchito ku Louisville.

Lamulo loletsa malipirolo linagwa pang'onopang'ono m'makhoti. Ed O'Bannon, yemwe anasewerera UCLA, anasuma mu 2009 ataona chifaniziro chake m'masewero a pa kompyuta popanda kulandirapo kanthu, ndipo mu 2021 oweruza onse asanu ndi anayi a khoti lalikulu la dzikolo anagamula mlandu wa Alston motsutsa NCAA. Mu Julayi chaka chomwecho osewera analoledwa kupeza ndalama kudzera m'dzina, nkhope ndi kutchuka kwawo, dongosolo lomwe limatchedwa NIL, ndipo anthu achuma okonda matimu sanachedwe kupanga magulu osonkha ndalama zokopera osewera. Wosewera wofuna kusamuka amangolembetsa mu transfer portal, kaundula yemwe anayamba mu 2018, ndipo kuyambira 2021 sakhalanso chaka chathunthu osasewera monga kale. Mgwirizano wa mlandu wa House, womwe woweruza Claudia Wilken anavomereza mu Juni 2025, unalola sukulu iliyonse kugawira osewera ake ndalama zofika madola pafupifupi 20.5 miliyoni m'chaka choyamba.

Amene amayamikira kusinthaku ali ndi mfundo yovuta kuitsutsa. Mu 2016 makampani a CBS ndi Turner anawonjezera zaka 8 pa mgwirizano woulutsa chikhochi pa mtengo wa madola 8.8 biliyoni, ndipo sizinali zolungama kuti aphunzitsi azilandira mamiliyoni ndi kusintha ntchito mmene afunira, pamene anyamata okhetsa thukuta, ambiri mwa iwo akuda ochokera m'mabanja osauka, ankalangidwa akalandira mphatso. Ufulu wosamuka watulutsanso luso lomwe nyenyezi zija zinalephera kuliona: Walter Clayton Jr. anayambira ku Iona, sukulu yaing'ono, asanatsogolere Florida ku chikho cha 2025.

Otsutsa nawonso sakulankhula zopanda pake, ndipo nkhani ya Florida Atlantic ikuonetsa bwino nkhawa yawo. Timu yosadziwikayi inafika m'ndime ya matimu anayi omaliza mu 2023, koma mu 2024 mphunzitsi wake Dusty May anapita ku Michigan pamodzi ndi Vladislav Goldin, Johnell Davis anapita ku Arkansas, ndipo Alijah Martin anapita ku Florida komwe anakatenga chikho limodzi ndi Clayton. Sukulu yaing'ono yasanduka nazale yofesera mbande zomwe olemera amadzazula zikakula, osasiya ngakhale khobidi, pomwe m'mpira wamiyendo kalabu yogula wosewera imalipira yomwe inamulera. Mnyamata wa kusekondale wopanda nyenyezi zisanu akupikisananso ndi wosewera wazaka 22 yemwe wakhwima kale, ndipo wosamuka kawiri kapena katatu amavutika kumaliza digiri, ngakhale kuti ochepa kwambiri ndiwo amafika ku NBA. Tony Bennett, yemwe anapatsa Virginia chikho cha 2019, anasiya ntchito mu Okutobala 2024 ponena kuti sakuyeneranso kutsogolera timu m'nyengo yoteroyo.

Poyeza mbali ziwirizi, kulipira osewera n'koyenera, ndipo kulira kwa olakalaka masiku akale kumaiwala amene ankadyeredwa masuku pamutu nthawi imeneyo. Chomwe chikusowa ndi mapangano okhazikika omanga mbali zonse, oti wosewera adziwe chimene adzalandire akavulala kapena akafuna kumaliza maphunziro, ndiponso oti sukulu yomulera isatsale chimanjamanja. Mu NBA zinthu zotere amakambirana eni matimu ndi bungwe la osewera, koma NCAA imakanabe kuti osewera ake ndi antchito, kotero malire a madola 20.5 miliyoni aja anachokera ku mgwirizano wothetsa mlandu osati ku zokambirana ndi bungwe lowaimira. Osewera a Dartmouth anayesa njirayi mu Marichi 2024 povota 13 kwa 2 kuti alowe m'bungwe la antchito, koma pempho lawo linabwezedwa kumapeto kwa chaka chomwecho nkhaniyo isanagamulidwe komaliza.