Maola 1,000 Pambali pa Wodwala

Pakati pa ntchito za chipatala pali ina imene achinyamata ambiri otsiriza Fomu 4 saidziwa, yotchedwa occupational therapy. Mwini ntchitoyi sapereka mankhwala ndiponso sachita opaleshoni. Udindo wake ndiwo kuphunzitsa munthu wofa ziwalo, mwana wobadwa ndi ulumali, kapena wodwala nthenda ya maganizo kudzichitira yekha zinthu za tsiku ndi tsiku: kuvala, kusamba, kutema nsima, kugwira khasu ndi cholembera.

Ena pomva zimenezi amayesa kuti maphunziro ake ngopepuka, koma si choncho ayi. Bungwe la World Federation of Occupational Therapists, limene lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1952, limafuna kuti wophunzira akwanitse maola osachepera 1,000 akugwira ntchito ndi odwala moyang'aniridwa. Munthu atamagwira maola 8 pa tsiku, amenewa ndi masiku 125. Pamwamba pa izi wophunzirayo ayenera kuloweza mafupa, minofu ndi mitsempha ya m'thupi, kudziwa kagwiridwe ntchito ka ubongo, ndi kulemba malipoti a odwala ake usiku anzake atagona. Wofuna digiri yachiwiri, monga ya ku yunivesite ya Cape Town, amasenzanso kafukufuku. Kwa zaka zambiri Amalawi ofuna ntchitoyi ankapita mpaka ku Moshi m'dziko la Tanzania, kutali ndi abale awo.

Kodi katundu yenseyu ngofunikadi? Yankho lili ku Machinga ndi ku Balaka. Chipatala chachikulu cha boma la Machinga chili ku Liwonde, ndipo mayi wa ku Nayuchi kapena ku Chikweo wobereka mwana wosatha kukhala tsonga sangafikeko sabata ndi sabata. N'chifukwa chake bungwe la MACOHA lidayambitsa m'maboma awiriwa ntchito yothandizira anthu aulumali kumudzi kwawo komweko, monganso lidachitira bungwe la Sue Ryder ku Balaka poyendera odwala khunyu ndi aulumali. Wogwira ntchito yotere akafika pakhomo sapezapo makina. Mpando wa mwana amaupanga ndi matabwa kapena makatoni, pophunzitsira kuyenda amamanga ndi nsungwi, ndipo agogo olera mwanayo amawalangiza m'Chiyao ngati ndicho chiyankhulo chawo. Pamenepo palibe dokotala woti n'kumufunsa. Dzanja likamangidwa molakwika limauma, ndipo wovutika ndi mwana uja moyo wake wonse. Luso lopewera zimenezi silichokera m'buku lokha, koma m'maola 1,000 aja.

Kalembera wa 2018 adapeza kuti mwa anthu 10 alionse a zaka 5 kapena kuposerapo, pafupifupi mmodzi ali ndi ulumali. Choncho dziko lino silingayerekeze kupeputsa maphunzirowa pofuna kuti ophunzira atsirize msanga. Chofunika n'kuwathandiza kusenza. Wophunzira wotumizidwa ku Ulongwe kapena ku Utale ayenera kupeza pogona, njinga yoyendera m'midzi, ndi katswiri womuyang'anira. Maola ogwira popanda womuwongolera ndi maola ophunzira zolakwa, ndipo wophunzira wanjala ndi wotopa sangakhale wodekha pamaso pa wodwala amene akutha mwezi wathunthu pophunzira kumanga batani limodzi.

Aphunzitsi a m'sekondale nawonso ali ndi gawo lawo. Si bwino kuuza ana kuti ntchito za chipatala ndi udokotala ndi unamwino basi. Awauze za ntchitoyi, awalimbikitse pa Biology, Physics ndi Chingerezi, ndiponso asawabisire kulemera kwake, pakuti walira mvula walira matope. Mnyamata kapena mtsikana wobadwira m'maboma awiriwa, wodziwa chiyankhulo ndi miyambo ya kwawo, ali kale ndi chuma chimene anzake akachisaka movutikira.

Wotsiriza sukulu amene akufuna ntchito yokhala mu ofesi yozizira ayang'ane kwina. Koma amene angapirire zaka za tulo tochepa adzaona tsiku limene bambo wogwidwa ndi sitiroko adzanyamula yekha chikho cha madzi n'kumwa, banja lake likuyang'ana.