Mlandu wa ana a ku Kano unathera m'njira

Mu 1996 mliri wa matenda oumitsa khosi unagwa kumpoto kwa Nigeria n'kupha anthu masauzande. Kampani ya Pfizer inatumiza madokotala ku Kano kukayesa mankhwala atsopano otchedwa Trovan pa ana pafupifupi 200. Theka analandira Trovan, theka ceftriaxone. Ana 11 anamwalira, ena anatsala ogontha, ena opuwala. Kampaniyo imati anawapha ndi matendawo. Makolo amati palibe anawauza kuti ana awo akuyeseredwapo mankhwala.

Mkangano wotere umafuna woweruza akhale pansi, amve mbali zonse, agamule. Zimenezo sizinachitike, ndipo n'zimene zikundiwawa.

Mabanja anakasuma mu 2001 ku New York, kulikulu la kampaniyo. Maloya a Pfizer anati mlanduwu kwawo n'ku Nigeria, poti mboni zili kumeneko. Woweruza anavomera mu 2002. Khoti la apilo linaubweza mu 2003, unathetsedwanso mu 2005, ndipo mu Januwale 2009 khoti la apilo linati ayi, umvedwe. Zaka zoposa zisanu ndi ziwiri anthu ophunzira akukokanakokana za bwalo loti mlandu ukambidwirepo, za ana akufawo asanayambe n'komwe! Nthawi yomweyo mlandu wina umene unali kukhoti la ku Kano unkangoimitsidwa lero ndi mawa mpaka eni ake anausiya. Bwalo labwino limene ankawalozeralo linali limenelo.

Alipo amene amati lamulo losamutsa mlandu n'lothandiza, chifukwa woweruza wa ku Manhattan sangadziwe za chipatala cha ku Kano kuposa wa komweko. Pamenepo sindikutsutsa. Koma ganizo lopita ku Kano linachokera ku America, ndipo phindu la Trovan likanakalowa kumeneko. Kampani ikamati ndalama kwathu, milandu kwanu, ine ndimaona ukathyali. Akuluakulu amati mlandu suwola, koma mboni zimafa, makadi a kuchipatala amadyedwa ndi chiswe, mayi wosauka amatopa. Loya wa kampani satopa, poti ola lililonse la kuchedwako amalilipiritsa.

Kenako panabwera kugwirizana kunja kwa khoti. Mu 2009 Pfizer inavomera kupereka madola 75 miliyoni pothetsa milandu ina imene boma la Kano linaisumira kampaniyo: 35 miliyoni ya okhudzidwa, 30 miliyoni ya ntchito zaumoyo, 10 miliyoni yolipirira milandu. Siinavomere kulakwa kulikonse. Milandu yotsala inatsekedwa mu 2011, mfundo zake n'kubisidwa. Sindinganyoze kholo lolandira ndalamazo, njala ilibe manyazi. Chimene ndikukana n'choti chipepeso chigule chinsinsi pankhani ya mankhwala oti anthu amameza. Trovan yemweyo, tisaiwale, anaikidwa malire okhwima ku America mu 1999 atapezeka kuti amawononga chiwindi.

Ngakhale ndalamazo sizinabwere chabe. Wofuna kulandira anayenera kuyezedwa DNA kaye, kutsimikiza kuti mwana amene anamuika m'manda analidi wake. Mu Ogasiti 2011 mabanja anayi oyamba analandira madola 175,000 banja lililonse. Mwana amene anali ndi zaka zisanu pamene madokotala aja ankafika ku Kano, akanakhala moyo, bwenzi pa nthawi imeneyo ali ndi zaka 20.