KANEMA WAFIKA, KOMA AKUYANKHULA NDI YANI?

Abale ndi alongo a m'nthambi zonse, a ku Mpingu, a ku Namitete, a ku Nsaru, a kwa Kabudula ndi a ku Nambuma, tamverani.

Pali mawu amene akumveka masiku ano akuti munthu wa kumudzi watsalira chifukwa alibe wayilesi ya kanema m'nyumba mwake. Anyamata ena afika poseka makolo awo kuti akadamverabe nkhani ndi khutu lokha pamene anzawo akuona ndi maso. Ife tikuti nkhani imeneyi tiikambe bwinobwino, pakuti ikukhudza thumba lathu, ndiponso ikukhudza zimene timauzidwa ndi zimene sitiuzidwa. Sitidana naye kanema ayi. Funso lathu ndi limodzi lokha: kodi kanemayo akamayankhula, amayankhula ndi yani?

Funso limeneli si lachilendo m'dziko muno. M'chaka cha 1949 kudabwera wayilesi yotsika mtengo yotchedwa Saucepan Special, yopangidwa ndi a Ever Ready, yooneka ngati sefuliya ndipo yoyendera batire. Mawu ake ankachokera ku Lusaka, ku Central African Broadcasting Station, kumene kunkamveka Chinyanja ndi nyimbo za Alick Nkhata. Makolo athu adaikonda chifukwa idayankhula m'chiyankhulo chawo. Koma chitabwera Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland mu 1953, ambiri adayamba kuikayikira, poona kuti ikutamanda chinthu chimene iwo ankachikana. Anthu amenewo ambiri sadapite patali ndi sukulu, koma adadziwa kufunsa kuti mwini wake wa mawu awa ndani, ndipo akufuna chiyani kwa ife. Kodi ife adzukulu awo tilephere kufunsa chomwecho chifukwa choti mawuwo tsopano abwera ndi chithunzi?

MBC idayamba mu 1964, koma nthawi yonse ya Dr. Banda dziko lino lidalibe wayilesi yakeyake ya kanema. Television Malawi idatsegulidwa mu 1999, ndipo pambuyo pake idaphatikizidwa ndi MBC. Lero kuli Zodiak, Times, Mibawa, Luntha ndi ena ambiri. Zimenezi nzabwino, ndipo sitifuna kubwerera ku masiku a mawu amodzi.

Koma taonani chimene adapeza kalembera wa mu 2018. Mwa anthu 100 aliwonse m'Malawi muno, 84 ankakhala kumudzi. Foni ya m'manja idapezeka pafupifupi m'theka la makomo onse, wayilesi pa khomo limodzi mwa atatu, koma kanema pa khomo limodzi lokha mwa asanu ndi atatu kapena asanu ndi anayi, ndipo ambiri mwa makomo amenewo ndi a m'tauni kumene kuli magetsi. Chotero ife kuno kanema timamuonera pa msika, m'kachipinda kofoleredwa ndi malata kumene mnyamata amalipiritsa pakhomo, kapena pa golosale ya munthu wa sola, kapenanso pa foni imodzi imene aiunjirira anthu asanu ndi mmodzi. Uko kulira njinga zamoto, uku kulira chigayo. Umu ndi mmene timaonera. Tsono amene amakonza nkhani za pa kanema ku Blantyre ndi mu mzinda wa Lilongwe, kodi adayamba akhalapo pa benchi ya pa Nsaru tsiku la msika ndi kuona ntchito yawo ndi maso athu?

Tikukayika. Nkhani zikamayamba mumalira malipenga, dziko lonse lapansi nkumazungulira pa galasi, nyali nkumathwanima, kenaka nkuoneka munthu wovala bwino ali kuseri kwa tebulo lalikulu lonyezimira ngati la ku banki. Zokongola ndithu. Koma akulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chimene mlimi akuchifuna kawirikawiri sichinenedwa ndi pakamwa. Chimalembedwa m'munsi mwa galasi, m'malemba ang'onoang'ono a Chingerezi othamanga ngati linthumbu losamuka. Dzina la munthu amene akuyankhula limaoneka kamphindi nkuzimirira. Mitengo ya mbewu ikabwera, imabwera m'mizere yothithikana, ndipo munthu asanapeze pamene pali mtedza, chithunzi chasintha kale. Pa foni malemba amenewo amachepa kuposa njere ya fodya. Gogo amene maso adachita chidima, mayi amene adalekeza Sitandade 3, ngakhalenso mphunzitsi amene wakhala kumbuyo kwa gulu, onsewo amachoka atangoona jekete la mtolankhani.

Ena ati, nanga si nkhani za m'Chichewa zilipo? Inde zilipo, ndipo tikuyamika. Koma kangati timamva wowerenga akuyankhula Chichewa pamene zolembedwa pa galasi zili m'Chingerezi? Kangati nduna imayankha m'Chingerezi, womasulira nkungotipatsa mutu ndi mchira, thupi lonse nkulisiya? Ndipo Chichewa china cha pa kanema nchoti chidagona m'Chingerezi nkudzuka m'mawa chitavala nsalu. Mawu ndi athu, koma kayalidwe kake nkachilendo, kotero kuti munthu amamva liwu lililonse koma osatola kanthu. Ameneyo sanatiyankhule, wangotidutsa.

Za nyengo ndiye musanene. Pa mapu awo Lilongwe yense ndi kadontho kamodzi kokhala ndi kamtambo pamwamba. Koma ndani mwa ife sadziwa kuti mvula ikhoza kugwa usiku wonse ku Nambuma pamene ku Namitete fumbi lili koboo? Munthu amene wagula thumba la feteleza ndi ndalama ya mbuzi ziwiri afuna kumva ngati athire sabata ino kapena adikire. Kadontho kaja sikamuthandiza.

Pali chinthu chimodzi chimene adachikonza bwino, ndipo tichinene. Pa ngodya ya galasi nthawi zina pamakhala munthu woyankhula ndi manja, kuti abale athu osamva atsate nkhani. Amene adaganiza zimenezo adakhala pansi nafunsa kuti woonerayo ndani, ndipo chimuvuta nchiyani. Mtima womwewo ndi umene tikuupempha kwa ife ochuluka.

Tsono tibwere ku nkhani zenizenizo. Usiku ndi usiku timaona misonkhano ya m'mahotela: anthu atakhala m'mizere, mabotolo a madzi patsogolo, wina akutsegulira, wina akutsekera. Kamera imafika kwathu kuno pa zifukwa ziwiri, pakabwera galimoto la munthu wamkulu, kapena pakagwa zoopsa. Mu October 2019 dziko lonse lidamva za Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu, wapolisi ataphedwa pa Msundwe ndipo amayi ndi atsikana atachitidwa nkhanza zosaneneka. Mu 2020 Khoti Lalikulu lidalamula kuti amayi 18 apatsidwe chipepeso. Kudali koyenera kuti nkhani imeneyo iwululike, ndipo atolankhani amene adaitsatira adagwira ntchito yabwino. Koma kodi dera lino limabala misozi yokha? Mtedza ndi soya zimene zimadzaza malole opita ku tauni zimachokera kuti? Fodya amene amagulitsidwa ku Kanengo amalimidwa m'hotela?

Chaka ndi chaka Unduna wa za Malimidwe umalengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu. Tsiku lolengezalo makamera onse amakhalapo. Koma mwezi wotsatira, pamene venda wapachika sikelo yake pa mtengo wa mango nkumagula pa mtengo wakewake, kamera ili kuti? Imeneyo ndiyo nkhani, pakuti pamenepo ndi pamene lamulo la boma limakumana ndi thumba la mlimi. Pa Chitedze, pafupi ndi Mpingu pomwepa, pali akatswiri ofufuza za mbewu, ndipo mtedza wa CG7 umene ambiri timalima udachokera pamenepo. Ntchemberezandonda zitalowa m'chimanga mu 2017, mlimi ankafunika kuona ndi maso mmene mbozi imeneyo imabisalira m'kati mwa nsonga. Apa mpamene chithunzi chimaposa mawu, ndipo apa mpamene kanema akadatitumikira koposa wayilesi. Akuluakulu akukumbukira magalimoto achikasu a zaulimi amene ankayenda m'midzi kuonetsa kanema madzulo pa bwalo. Iwowo ankatilondola kumene tili.

Pali bodza lina limene limanenedwa m'maofesi, lakuti munthu wa kumudzi safuna nkhani zozama, amangofuna nyimbo ndi nthabwala. Amene amanena zimenezi aiwala msanga. Mlandu wa chisankho cha 2019 udaulutsidwa pa wayilesi kwa miyezi, ukumasuliridwa m'Chichewa, ndipo anthu ankautsatira m'minda, m'zigafa ndi pa mijigo. Pa 3 February 2020 oweruza adawerenga chigamulo tsiku lonse, ndipo anthu adakhala chete mpaka kudada. Mlandu wa malamulo, wa manambala, wovuta ngakhale kwa ophunzira! Adaumva chifukwa udanenedwa m'chiyankhulo chawo, modekha, ndi pakamwa. Momwemonso Nkhani za m'Maboma za pa MBC zidakondedwa kwa zaka zambiri, ngakhale anthu a m'tauni ankaziseka, chifukwa m'menemo munthu ankamva dzina la mudzi wonga wake.

Tsopano kwabwera china, choonera kanema pa intaneti. Anyamata akuti ichi ndiye chimaliziro cha mavuto, pakuti munthu amasankha yekha chimene afuna. Tiyeni tiwerengere. Netflix idafika m'Malawi mu 2016. Mu 2019 idatulutsa filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind, yonena za William Kamkwamba wa kwa Wimbe ku Kasungu, mnyamata amene adapanga makina a mphepo opangira magetsi. Idajambulidwa m'Malawi muno, ndipo mbali yaikulu ndi ya m'Chichewa, ngakhale Chichewa cha ochita sewero ena obwera chidaseketsa anthu. Dziko lonse lapansi lidaona njala yathu ndi nzeru za mwana wathu. Koma kuti munthu wa kwa Kabudula aione mwa njira yake, ayenera kukhala ndi foni yamakono, netiweki yosadukaduka, ndalama ya bandulo, ndi ndalama inanso ya mwezi ndi mwezi yolipira kunja. Msonkho uwiri pa mutu umodzi. Nkhani ndi yathu, koma nkhokwe ili kwa eni.

Ndipo za eni zili ndi mwambo wake. Mu August 2023 a MultiChoice adaimitsa DStv m'Malawi atasemphana ndi a MACRA pa nkhani yokweza mitengo, ndipo idabweranso kumapeto kwa chaka chomwecho khoti litagamula. Mu November chaka chomwecho kwacha idagwa ndi 44 peresenti, ndipo chilichonse chogulidwa ndi ndalama zakunja chidakwera nacho. Boma la China, kudzera mwa a StarTimes, lidapereka madishi ndi makanema ku midzi 500 m'dziko muno. Mphatso sitikana. Koma fodya wako ndi amene ali pamphuno. Dishi ikhoza kutionetsa Beijing ndi mpira wa ku England bwino lomwe, osatiuza kuti mlatho wa pa mtsinje wathu wakokoloka.

Amene adazindikira msanga chimene anthu akufuna ndi anyamata a pa msika omwe aja, amene amaika mawu a Chichewa m'mafilimu a ku India, ku China ndi ku Nigeria, nkumawotchera anthu pa memore khadi. Sitikuvomereza kuwotcha nyimbo za oimba athu popanda kuwalipira, pakuti kumeneko nkukolola m'munda wa mwini. Koma taonani mmene mabenchi amadzazira! Alibe tebulo lonyezimira, alibe malipenga. Ali ndi chinthu chimodzi: amadziwa amene akumuyankhula.

Choncho ife tikuti tisachite manyazi kupempha. MBC imayendera misonkho, ndipo msonkho umenewo timapereka tonse pogula sopo, shuga ndi mayunitsi. Ena onse amaulutsa ndi chilolezo cha MACRA, pa mphepo ya dziko lino imene si ya munthu mmodzi. Tikufuna kuti chilichonse cholembedwa pa galasi chinenedwenso ndi pakamwa, ndipo pa nkhani za Chichewa cholembedwacho chikhale m'Chichewa, m'malemba aakulu okhalitsa. Tikufuna mitengo ya chimanga, soya ndi mtedza ya pa misika yeniyeni, kutchula Nsaru, Msundwe ndi Namitete ndi maina, kamodzi pa sabata, pa nthawi yodziwika imene anthu aweruka kumunda. Nduna ikayankha m'Chingerezi pa nkhani ya feteleza, mtolankhani aifunsenso m'Chichewa, pakuti mavoti idapempha m'Chichewa. Ndipo nkhani zomwezo azikonzenso zazifupi, zosadya bandulo, zokhala ndi chizindikiro cha nyumba youlutsayo, kuti zikamayenda pa WhatsApp tizitha kusiyanitsa nkhani yoona ndi bodza la wina wongofuna kutiyambanitsa.

Alembi a nthambi, pa msonkhano ukubwerawu funsani anthu kuti ndi nkhani ziti za m'dera lawo zimene akadafuna kuziona pa kanema chaka chino koma sadazione. Zilembeni, mudzi ndi mudzi, ndipo kalatayo isayinidwe ndi apampando pamodzi ndi amayi a m'komiti. Imodzi ipite kwa khansala, ina kwa phungu, ina kwa akonzi a nyumba zoulutsa mawu. Ndipo inu bambo amene mukuganiza zogulitsa mbuzi kuti mugule dishi ndi dikoda, gulani ngati mungathe, koma kawayilesi kaja musakapereke kwa ana kuti akaphwasule. Mukamapita kudimba katengeni.