Posankha Pakati pa Zowawa Ziwiri

Njanji imene ipita m'tauni ya Kafue, kumene kuli Nangongwe, ili ndi phunziro kwa aliyense wosowa cocita pa nkhani yobvuta.

Mu January 1973 Ian Smith anatseka malire a Rhodesia ndi Zambia. Pamene anafuna kuwatsegulanso, Pulezidenti Kaunda anakana, kuti dziko lisadalire boma la atsamunda. Koma mu 1975 nkhondo ya ku Angola inaimitsa njanji ya Benguela, ndipo katundu anaunjikana pa doko la Dar es Salaam. Pofika October 1978 feteleza wa alimi anali asanafike, mvula ili pafupi. Kaunda anatsegula njanji ya kumwera, ngakhale kuti Pulezidenti Nyerere wa ku Tanzania sanakondwere nazo.

Muyeso wace ndi uwu: pa zowawa ziwiri, munthu adzifunse kuti ndi citi cimene cingakonzeke mawa. Manyazi amatha, ubwenzi umabwerera, koma nyengo yobzala ikapita, yapita caka conse.

Msodzi wa mu mtsinje wa Kafue woganiza zoponya ukonde m'miyezi yoletsedwa, December mpaka February, ayese ndi muyeso womwewu. Ndalama yosowa lero ingapezeke ndi ganyu, koma nsomba yogwidwa ndi mazira m'mimba yapita pamodzi ndi ana ace. Mlimi wofuna kugulitsa ng'ombe yace yotsiriza yolimira adzifunsenso cimodzimodzi, atakhala pansi ndi a m'banja, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Ndipo zinthu zikasintha, wosintha maganizo asachedwe wamantha.