Yesani ampulifaya musanakwere nayo bwato

Amalonda a ku Chisi amene mumakopa makasitomala ndi nyimbo, musathamangire ampulifaya yakale chifukwa chongoona dzina la Pioneer kapena Sansui. Mukaoloka nayo pa Kachulu, ulendo wokaibweza ku Zomba udzadya phindu lanu.

Yambani mwayang'ana kumbuyo kwake. Ngati palembedwa 100V kapena 120V basi, isiyeni: magetsi athu ndi 230V, ipsa. Iyimbe mphindi 30 wogulitsa ali pomwepo. Ikamalira ngati njuchi, kawirikawiri makapasita atha. Nenererani mtengo, yotsalayo mulipire wokonza. Mbali imodzi ikamatentha kwambiri, chokanipo.

Mukagula, musaifunditse nsalu ikamayimba, ndipo musaunjike masipika pa waya umodzi. Nyimbo zikazima tsiku la msika, makasitomala amasamukira kwa mnzanu.