Chidulo, Chitenje ndi Ana a ku Phalombe

Mai ali yense amene anagulapo chitenje pa msika wa Migowi, nachichapa kawiri kokha, ndi kuona maluwa ache atasuluka, anakomana kale ndi phunziro lija a sukulu amati Chemistry, angakhale sanapondepo m'kalasi. Ife tikuti phunziro limeneli liyenera kufika kwa ana a m'chigwa cha Phalombe ndi zipangizo zache zomwe, osati pa bolodi pokha ai.

Nchito ya nsalu si yachilendo m'dziko muno. Pamene David Livingstone anakwera Shire m'chaka cha 1859, anapeza Amang'anja akupota thonje ndi kuomba nsalu zao. M'chaka cha 1967 fakitale ya David Whitehead and Sons inayamba nchito mu Blantyre, ndipo m'chaka cha 2003 inagulitsidwa kwa a Mapeto. Koma thonje lambiri la alimi athu limaturukabe kunja lisanaombedwe, ife tiri kubvala kaunjika.

Anthu ambiri ayesa kuti pa fakitale pafunika manja okha. Iai. Nsalu yochoka pa makina oombera siilandira bwino utoto, pakuti thonje liri ndi mafuta ache ndi phula. Ayamba aiphika m'soda waukali, naiyeretsa ndi mankhwala, ndipo pamenepo ainyika. Utoto umene unatulukira ku England m'chaka cha 1956, umene ulumikizana ndi ulusi weniweniwo, ufuna mchere ndi soda pa muyeso wache, ndi madzi otentha pa muyeso wachenso. Soda akachepa, utoto ungokhala pamwamba, nuchoka ndi thobvu la sopo tsiku loyamba. Utoto wa indigo uli ndi mwambo wina: susungunuka m'madzi mpaka ausandutse ndi mankhwala, ndipo nsalu ituruka mu mphika iri yobiriwira, nisanduka yabuluu itaombedwa ndi mpweya. Ndipo madzi otsala, ngati palibe wodziwa kuwasungunula ukali, apha nsomba mu mtsinje.

Tsono taonani, nzeru imeneyi siiri kutali ndi mudzi. Mtsikana wocheza chidulo cha phulusa kuti aphikire therere wagwira kale m'bale wache wa soda uja. Chimene asowa ndicho sikelo, botolo la muyeso, ndi mphunzitsi womuuza chifukwa chache. William Perkin, amene anapanga utoto woyamba wochokera ku phula la malasha m'chaka cha 1856, anali mnyamata wa zaka 18, ndipo anayesera m'chipinda cha kwao.

Boma linachita bwino pogawa phunziro lakale la Physical Science, kuti Chemistry iime payokha pa mayeso a MSCE. Masukulu akulu a ku Zomba, ku Blantyre ndi ku Thyolo ali pafupi ndi Phalombe. Bvuto liri pa khomo lolowera: masukulu ambiri oyendera a m'midzi alibe chipinda choyeseramo mankhwala, ndipo mwana aloweza dzina la asidi amene sanamuonepo. Mwana wotere akapikisana ndi mnzache wa m'tauni, agwa.

Phalombe inakhala boma payokha m'chaka cha 1998, ndipo iri ndi khonsolo yache. Tipempha makhansala, aphungu ndi mafumu kuti pogawa ndarama za chitukuko chaka chino aikepo chipinda choyesera pa sukulu imodzi m'dera liri lonse, chokhala ndi madzi, sikelo ndi kabati yokhoma.